KUSENDA KHUNGWA KUZUNGULIRA MTENGO: M'MENE KUMAPHERA NDI M'MENE KUMABALITSIRA

Alimi ambiri adziwa kuti munthu akafuna kupha mtengo waukuru woima pakati pa munda, osafuna kubvutika ndi kuugwetsa, angotenga nkhwangwa nasenda khungwa lace kuzungulira thunthu lonse. Adziwanso kuti akuru ena, poona kuti mtengo wao wa mango ungocurutsa masamba caka ndi caka osabala, amautematema pa thunthu, ndipo nthawi zina caka cotsatira mtengowo ucita maluwa ambiri. Zinthu ziwirizi zioneka ngati zotsutsana. Nanga bala la mtundu umodzi lingathe bwanji kupha mtengo uwu ndi kubalitsa uwo? Kabuku kano kalembedwa kuti kayankhe funso limeneli, pakuti m'midzi yathu mitengo ya zipatso yambiri imafa ndi mabala a pa khungwa, eni ace osazindikira cimene caipha.

NJIRA ZIWIRI ZA M'KATI MWA MTENGO

Inu nonse amene munafundulapo luzi la mombo mudziwa kale mamangidwe a thunthu, ngakhale kapena simunaganizepo nchito ya mbali iri yonse. Kunja kuli khungwa louma ndi lokakala, limene licinjiriza mtengo ku dzuwa, ku moto ndi ku tizirombo. Pansi pace pali khungwa lofewa ndi lonyowa, ndilo limene titengako luzi. Mukalicotsa limenelo, cala canu cikhudza poterera pamwamba pa mtengo woyera. Poterera pamenepo pali kanembanemba kopyapyala koposa pepala, ndipo ndiko kamene kakulitsa mtengo: caka ndi caka kamapanga mtengo watsopano ca m'kati ndi khungwa latsopano ca kunja. M'kati mwa izi zonse muli mtengo weniweni, woyera ca kunja ndi wofiira kapena wakuda ca ku mtima.

Madzi amene mizu imamwa m'nthaka, pamodzi ndi mcere wa m'nthakamo, amakwera kunka ku masamba kupyolera mu mtengo woyera uja. Sadzera m'khungwa iai. Akafika ku masamba, masambawo amawaphatikiza ndi mpweya pogwiritsa nchito mphamvu ya dzuwa, napanga shuga. Shuga ameneyu ndiye cakudya ceniceni ca mtengo. Mizu iri mumdima, singathe kudzipangira yokha cakudya. Iyembekeza cocokera ku masamba, monga ana ayembekeza nsima yocokera kwa amai ao. Ndipo njira imene cakudyaco citsikira ku mizu ndiyo khungwa lofewa lija la luzi. Yang'anani cinangwa ndi mbatata: ufa wonse umene mumakumba pansi unapangidwa m'masamba, nutsika m'khungwa la tsinde kukasungidwa m'mizu.

Tsono njira ziri ziwiri, ina ya madzi yokwera m'kati, ina ya cakudya yotsika ca kunja. Munthu wosenda khungwa kuzungulira thunthu adula njira ya cakudya, nasiya njira ya madzi iri yotseguka. Bala lotere lozungulira tidzalichula mphete m'kabuku kano.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Sing'anga wina wa ku Italy, dzina lace Marcello Malpighi, amene buku lace lonena za mamangidwe a zomera linayamba kusindikizidwa m'caka ca 1675, anadula mphete pa mitengo naona kuti khungwa la pamwamba pa bala litupa, koma la pansi pace silitupa. Pambuyo pace, m'caka ca 1928, akatswiri awiri, Mason ndi Maskell, anayesa zomwezo pa mbeu ya thonje ku cisumbu ca Trinidad, napeza kuti shuga acuruka pamwamba pa mphete nacepa pansi pace. Inunso mungathe kudzionera nokha. Pitani pa mtengo umene unamangidwa waya zaka zapitazo, mudzaona cotupa ciri pamwamba pa wayayo, monga madzi aunjikana kumtunda kwa mgula wotsekedwa.

IMFA YOBWERA MOCEDWA

Mtengo wodulidwa mphete sufa tsiku lomwelo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri anyengedwa. Popeza madzi ali kukwerabe, masamba akhala obiriwira miyezi yambiri. Kawirikawiri mtengowo ucita maluwa ndi zipatso zambiri koposa kale, cifukwa cakudya conse catsekerezedwa kumwamba. Mwini wace poona izi anena, "Wapulumuka." Koma pansi pa nthaka kwagwa njala. Mizu iri nayo nkhokwe yace ya cakudya cimene inasunga zaka zapitazo, ndipo iyamba kudya m'nkhokwemo popanda cowonjezerapo. Cakudyaco cikatha, timizu tating'ono timene timamwa madzi tiyamba kufa, madzi aleka kukwera, ndipo nthambi ziuma kuyambira kunsonga. Nthawi zambiri izi zioneka m'mwezi wa September kapena October, pamene mtengo ufuna mphamvu yoturutsira masamba atsopano ndipo dzuwa liri kuswa mtengo. Kamtengo kakang'ono kafa m'miyezi yowerengeka. Mtengo waukuru wa mizu yonenepa ungathe kukhala caka cimodzi, ziwiri, ngakhale zitatu usanaume.

Nkhwangwa ikalowa kwambiri nidula mtengo woyera womwe, pamenepo njira ya madzi nayonso yaduka, ndipo masamba afota msanga, m'masiku kapena masabata owerengeka.

Mitengo yambiri ya m'thengo lathu siibvomera kufa msanga. Mombo ndi inzace, ikadulidwa mphete, imaturutsa mphukira pansi pa bala, ndipo masamba a mphukirazo ayamba kudyetsa mizu. Kumwamba kuuma, koma citsa cikhala ndi moyo. Mlambe ndiye wodabwitsa koposa: anthu amausenda kuzungulira kuti apeze cingwe, njobvu za ku cigwa ca Luangwa zimaung'amba ndi minyanga, koma iwo umera khungwa lina pa bala lomwelo. Ku Uganda anthu opanga nsaru ya khungwa amasenda mtengo wa mtundu wa kacere, umene iwo auchula mutuba, nakulunga thunthu lace ndi masamba a nthoci kuti poterera paja pasaume, ndipo khungwa limeranso kotero kuti mtengo umodzi usendedwa zaka zambiri. Mgwalangwa, nsungwi ndi nzimbe ziribe khungwa la luzi lotere. Mitsempha yace ya madzi ndi ya cakudya yamwazikana m'kati monse. Koma musayese mango, malalanje, mandimu, magwafa kapena mapeyala (amene ena achula kotapela) ngati alingana ndi mlambe. Iyi ikasendedwa mphete yaikuru, yapita.

ADANI A KHUNGWA PA MUDZI

Mitengo ya zipatso yambiri imene imafa ndi mphete sinadulidwe ndi munthu wofuna kuipha. Mdani woyamba ndiye mbuzi. M'cirimwe, msipu utatha, mbuzi zikukuta khungwa la timitengo ta malalanje ndi mango, ndipo tsiku limodzi likwanira kuononga nchito ya zaka zitatu. Nungu, akalulu ndi makoswe acita cimodzimodzi ca pansi pa tsinde. Mankhwala a bvuto limeneli ndi mpanda, palibe ena. Kamtengo kali konse kamangiridwe kacitupa kace ka mitengo, nsungwi kapena minga pa tsiku lomwelo kabzalidwa, ndipo mpandawo usacotsedwe kufikira khungwa litakhwima ndi kukakala.

Mdani waciwiri ndife eni. Timanga waya woyanikapo zobvala pa mtengo wa mango, timangirira mbuzi kapena ng'ombe ndi cingwe pa thunthu la mlalanje, tizunguliza waya wa mpanda pa mtengo wamoyo m'malo mwa kuzika mzati, ndipo tiiwala. Mtengo unka nunenepa, waya sakula, nalowa m'khungwa pang'ono pang'ono kufikira watseka njira ya cakudya monga mpeni. Ngakhale kansaru kapena kapepala ka pulasitiki komangira pomezanitsa, kakapanda kumasulidwa mphukira itagwira, kamatsamwitsa kamtengo. Khasu nalonso liri ndi mlandu: wopalira mosasamala atema tsinde mbali iyi caka cino, mbali ina caka camawa, ndipo mabalawo akumana. Udzu wa pafupi ndi tsinde uzulidwe ndi manja. Moto wa zinyalala wosonkhedwa pansi pa mtengo uphika kanembanemba kaja ngakhale khungwa la kunja lioneka labwino, ndipo pakapita miyezi lisupuka lokha.

Pa malalanje ndi mandimu pali nthenda ina yobvunditsa khungwa la pa tsinde. Cizindikiro cace ndi utomoni woturuka ca pansi, ndi khungwa lakuda long'ambika. Nthendayi ikonda cinyontho, ndipo ikazungulira tsinde lonse ipha mtengo monga mphete. Cifukwa cace musaunjike dothi, manyowa kapena udzu wophimbira kukhudza tsinde. Siyani mpata wa cikhato cimodzi kapena ziwiri. Musabzale kamtengo mozama koposa m'mene kanaliri m'cubu, ndipo pothirira madzi asaime pa tsinde, koma m'mgula wozungulira pansi pa nsonga za nthambi.

Kunena za m'thengo, ofundula luzi angathe kutenga luzi lao ku nthambi ndi ku mphukira za pa zitsa, kapena kung'amba mzere umodzi wotsika mbali imodzi ya thunthu, kusiya mbali zina. Asing'anga akale m'maiko ambiri a kuno anali ndi mwambo wosenda khungwa la mankhwala mbali ya kum'mawa ndi ya kumadzulo kokha. Kaya iwo anapereka cifukwa cotani, mwambowo unali kusunga mitengo, pakuti unasiya njira ziwiri za cakudya zosaduka. Amene asenda lero kuti akagulitse makungwa m'matumba ku misika ya m'tauni ndiwo amene amavula mtengo wonse. Mng'oma wa njuci wa khungwa, umene upangidwa kwambiri ca ku Kabompo ndi Mwinilunga, ufuna khungwa lathunthu lozungulira, motero mtengo wosendedwawo ufa. Cacisoni ncakuti mitengo ya khungwa loyenera mng'oma, monga mtondo, ndiyo yomweyo imene maluwa ace apatsa njuci uci, ndi masamba ace adyetsa matondo amene tidya ngati ndiwo. Mng'oma wa matabwa ukhala zaka zambiri osapha mtengo wina. Kumbukiraninso kuti lamulo la za nkhalango la caka ca 2015 liletsa kudula kapena kubvulaza mitengo m'nkhalango zosungidwa popanda cilolezo.

KUPULUMUTSA MTENGO WOBVULALA

Yambani mwaona ukuru wa bala. Ngati khungwa lacoka pa gawo limodzi la magawo anai a kuzungulira kwa thunthu, kapena pocepera apo, mtengo wathanzi udzadzipoletsa wokha. Likapitirira theka, moyo wace uli pa ngozi. Khungwa likangosupuka kumene, lisanaume, libwezereni pa malo pace molunjika monga linaliri, nimumange ndi luzi kapena nsaru; nthawi zina limagwiranso. Ngati lauma kale, dulani zolendewera ndi mpeni wakuthwa kuti m'mphepete mwa bala mukhale mosalala ndi mosasunga madzi. Musapakepo mafuta akuda a galimoto kapena phula la pa mseu, pakuti izi zipha mnofu wamoyo umene ukadatseka balalo.

Mtengo wa mtundu wabwino umene wazunguliridwa konse ungathe kumangiridwa ulalo. Mudula timitengo ta mtundu womwewo, tonenepa ngati pensulo, totalika kupitirira bala pang'ono. Musongola nsonga zonse ziwiri mopendeka, nimulowetsa ina pansi pa khungwa lamoyo la kumunsi kwa bala, ina pansi pa khungwa la kumtunda, kusamala kuti kamtengo kasazondoke: mbali imene inaloza kumwamba pa mtengo wace iloze kumwambabe. Muika totere tingapo kuzungulira thunthu, motalikirana zala zitatu kapena zinai, nimumanga zolimba ndi kuphimba polumikizapo kuti pasaume. Tikagwira, cakudya ciolokera pa timitengoto kunka ku mizu. Pa malalanje njira ina ndiyo kubzala timbande tiwiri kapena titatu ta mandimu pafupi ndi tsinde, ndi kulowetsa nsonga zao pansi pa khungwa pamwamba pa bala, kuti mtengo upeze mizu yatsopano. Nchito imeneyi ifuna dzanja lozolowera. Wosaidziwa aitane mlangizi wa za malimidwe kapena mnzace wodziwa kumezanitsa, ndipo asacedwe, cifukwa mizu iri kudya nkhokwe yace tsiku ndi tsiku. Ngati kamtengo kobvulala kali ka caka cimodzi kapena ziwiri, kuli bwino kukadula pansi pa bala kuti kaphukenso. Koma ngati kanali komezanitsa, onetsetsani kuti mphukira yacokera pamwamba pa mfundo yolumikizira. Yocokera pansi pace idzakupatsani zipatso za tsinde, zosakhala zimene munagula.

MPHETE YOBALITSA

Tsopano tibwere ku mbali yaciwiri ya funso lathu. Tanena kuti mphete itsekereza cakudya kumwamba. Mtengo ukakhala ndi shuga wambiri m'nthambi zace umaleka kuthamangira kukula, nuyamba kucita maluwa. Maluwa ndi tizipatso tating'ono siziyoyoka kwambiri. Ndipo zipatso zotsala zinenepa ndi kupsa msanga. Cinsinsi conse cagona pa ici: mphete ikhale yopapatiza kotero kuti bala lidzatsekeka mizu isanamve njala. Mphete yakupha ndi yotakata, yosatheka kupola. Mphete yobalitsa ndi yaing'ono, yotseka njira masabata owerengeka cabe.

Alimi a maiko ena acita zimenezi monga nchito ya caka ndi caka. Ku Greece akhala akudula mphete pa mipesa ya tizipatso tating'ono toumika kuyambira kale. Ku California alimi a mphesa zopanda njere amagwiritsa mpeni wa malezala awiri umene ucotsa kamzere ka khungwa ka mamilimita ngati 5, ndipo mphesazo zikula koposa zinzace. Ku South Africa ndi ku Israel amacita pa malalanje ndi mapeyala. Koma zindikirani kuti minda imeneyo ithiriridwa ndi kuthiridwa manyowa mokwanira. Mtengo wa pa bwalo la mudzi, umene uyembekeza mvula yokha, suyenera kusenzetsedwa katundu wolingana ndi iyo.

Musanagwire mpeni dzifunseni cifukwa cimene mtengo wanu ulekera kubala. Mango wofesa ndi njere amatenga zaka 5 kufikira 7, ngakhale kupitirira, asanayambe kubala, pamene womezanitsa ayamba pa zaka 3 kapena 4. Mapeyala a njere acedwa koposa apo. Mtengo wosafika msinkhu uyembekezedwe. Wina sabala cifukwa uli mumthunzi wa mitengo inzace. Wina ucita maluwa bwino lomwe, koma maluwawo agwidwa ndi nkhungu yoyera yonga ufa nauma, kapena awauka ndi moto wa lupsa. Pamenepo mphete siithandiza kanthu. Mphete iyenera mtengo wokhwima, wathanzi, wa masamba obiriwira kwambiri, umene ungokula osacita maluwa, monga umene waima pafupi ndi khola kapena dzala, kumene nthaka iri ndi conde copitirira.

Pa mtengo wotere citani motere. Thunthu lisiyeni. Sankhani nthambi zazikuru, zonenepa ngati mkono wa munthu kapena kupitirira, koma zisapitirire theka la nthambi zonse. Gawo limodzi la magawo atatu liri bwino koposa. Nthambi zosadulidwa ndizo zidzadyetsa mizu pa masabata amene zinzace zatsekedwa. Tengani mpeni wakuthwa, muutsuke ndi sopo kapena kuupititsa pa moto. Pa malo osalala a nthambi, cikhato cimodzi kucokera pa mphanda, dulani mizere iwiri yozungulira, yotalikirana mamilimita 3 kufikira 5, ndiko kunena ngati timitengo tiwiri ta macisa togundana. Mpeni ulowe kufikira wakhudza mtengo woyera, pomwepo ulekeze. Tukulani kamzere ka khungwa ka pakati pa mizere iwiriyo, osapala poterera paja. Mungathe kukulungapo tsamba la nthoci kapena pepala mosathina, kuti dzuwa ndi mphepo zisaumitse bala. Pa malalanje, manacesi ndi nthambi zazing'ono mzere umodzi wa mpeni wozungulira, wosacotsa khungwa konse, ukwanira, ndipo ine ndiyesa kuti munthu woyamba kumene ayambire pamenepo pa mtengo uli wonse, popeza bala lotere silikanika kupola.

Nthawi yace isiyana monga mwa cimene mufuna. Kuno kwathu mango acita maluwa m'nyengo ya cisanu, kuyambira July kufikira September. Wofuna maluwa adule mphete mvula itangoleka, m'mwezi wa April kapena May, masamba otsiriza atakhwima ndipo nthaka ikali ndi cinyontho. Mapeyala nawonso nthawi yace ndi yomweyo. Ngati bvuto liri lakuti maluwa abwera koma tizipatso tiyoyoka, monga acitira malalanje ena opanda njere, mphete idulidwa pamene maluwa ali pacimake kapena ayamba kugwa. Wofuna kunenepetsa zipatso adula tizipatso titagwira kale. Musadule pakati pa dzinja, pamene bala libvunda msanga, kapena pa dzuwa la October pa mtengo wosathiriridwa.

Mphete yodulidwa bwino itsekeka m'masabata 4 kufikira 8. Mnofu watsopano uturuka makamaka ku mlomo wa kumwamba, nutsika kukakumana ndi wa pansi. Pitani mukaone sabata ndi sabata. Mukapeza ciswe kapena mphutsi zoboola, zicotseni.

Mtengo umene mwaukakamiza kubala mwaukongoza, ndipo ngongoleyo ibwezedwa ndi manyowa, madzi ndi mpumulo. Nthambi imene yadulidwa caka cino isadulidwenso caka camawa. Mukabwereza caka ndi caka mizu icepa mphamvu, masamba acita cikasu, ndipo mtengo uyamba kubala caka cimodzi ndi kugona cinzace. Zipatso zikagwira zocuruka kwambiri pa nthambi imodzi zidzakhala zazing'ono, kapena nthambiyo idzathyoka; thotholani zina zikali zazing'ono, ndi kucirikiza nthambi ndi mphanda. Kutematema kwa nkhwangwa kumene tachula poyamba kumagwira nchito pa cifukwa comweci, pakuti kudula mbali zina za njira ya cakudya. Akuruwo anaona zoona. Koma nkhwangwa ilowa mopitirira, isiya mabala ambiri okumbika osunga madzi, ndipo m'menemo mulowa ciswe ndi kubvunda. Kukhomera misomali m'thunthu kulibe phindu loposa kubvulaza.

MPHETE YOMERETSA MIZU

Pali nchito inanso ya mphete imene alimi ambiri sanaiyese, ngakhale iri yapafupi. Mnzanu akakhala ndi gwafa kapena ndimu wa mtundu wabwino, mungathe kutengako mtengo wofanana nao ndendende. M'nyengo ya mvula sankhani nthambi yoongoka yonenepa ngati cala. Apa mphete ikhale yotakata, masentimita 2 kapena 3, ndipo poterera paja mupale ndithu ndi mpeni, pakuti tsopano simufuna kuti bala lipole. Kulungani pa balalo utuci wakale wonyowa, kapena dothi la masamba obvunda lodzala manja awiri, nimukute ndi pepala la pulasitiki ndi kumanga zolimba kumwamba ndi pansi. Madzi akwerabe kudyetsa masamba a nthambiyo, koma cakudya ciunjikana pamwamba pa mphete, ndipo popeza pali cinyontho ndi mdima, cotupa cija citurutsa mizu. Pakapita miyezi 2 kufikira 4 mudzaona mizu m'kati mwa pepala. Ikacuruka niyamba kufiirira, dulani nthambi pansi pa mphete, mucepetse masamba ace, muibzale m'cubu pamthunzi kufikira itaphuka, ndipo pamenepo ipite ku munda. Mtengo wotere ubala msanga koposa wa njere, koma ulibe muzu wautali wolowa pansi, motero ufuna kuthiriridwa m'zirimwe zoyamba ndi kucirikizidwa pa mphepo. Mango sabvomera njira imeneyi kawirikawiri. Iye ayenera kumezanitsa.

POTSEGULA MUNDA WA ZIPATSO PA MPHANJE

Mau otsiriza apite kwa iwo amene afuna kubzala zipatso pa malo amene pali thengo, atalandira cilolezo ca mfumu. M'nthaka ya m'nkhalango mumakhala nthenda ya mtundu wa bowa, imene akatswiri aichula Armillaria. Mukagwetsa mtengo wamoyo, mizu yace itsala m'nthaka iri yodzala ndi cakudya, ndipo nthendayo ikhazikika m'menemo, nifalikira ku mizu ya mbeu zimene mwabzala. Pakapita zaka mtengo wa zipatso ufota popanda cifukwa cooneka, ndipo mukasenda khungwa la pa tsinde mupeza zoyera zoyalana pansi pace, zonunkhira bowa. Nthenda imeneyi inasautsa minda ya tiyi ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ndipo m'caka ca 1937 katswiri wa nthenda za zomera dzina lace Leach anaonetsa kuti mitengo ikadulidwa mphete isanagwetsedwe, mizu yace imatha cakudya conse, ndipo nthendayo isowa pokhala.

Cotero mitengo imene iyenera kucoka idulidwe mphete yotakata, ya cikhato cathunthu, caka cimodzi kapena kupitirira musanaigwetse. Cotsani khungwa lokha ndi kupala poterera. Nkhwangwa isalowe mu mtengo woyera, cifukwa mtengo ukafa msanga mizu itsala ikali ndi nkhokwe yodzala, ndipo nchito yanu yapita pacabe. Mphukira zonse zoturuka pansi pa mphete zithyoledwe zikangooneka. Mtengo ukauma, ugwetseni msanga usanayambe kugwetsa nthambi pa anthu olima, ndipo zitsa zimene mungathe kuzula muzizule. Masuku, maula ndi mitengo ina ya zipatso za m'thengo imene iri m'mphepete mwa mundawo isiyeni iri ciimire, kutali pang'ono ndi maenje anu.